Nkhope ya Kabelu

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, ndi telala. Moyo wawo wonse anathera pa makina osokera, pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa bambo wokonza mawotchi ndi mayi wogulitsa zikwama. Anthu a mumsewu umenewo amawatchula a Simenti, ndipo ana ambiri amaganiza kuti dzinali linabwera chifukwa cha sitolo ija. Ayi ndithu. Linachokera pa chiboliboli chimene chinaima zaka zambiri pageti la chipatala cha amayi oyembekezera, cha mayi atakhala pansi, mwana ali pamiyendo. Mayi ameneyo anali azakhali. Mwanayo anali wawo.

Amuna awo anali munthu amene lero ana amamuphunzira kusukulu, koma kwathu tinkangoti a Mmisiri. Pamene ankakwatira azakhali sanali kanthu. Ankaumba miphika ya maluwa ya simenti ndi kulemba mayina pa ziliza, kuseri kwa kanyumba ka lendi. Bambo anga sankawafuna ngakhale pang'ono.

"Mlamu wanji wodikira anthu amwalire kuti iye adye?" ankatero.

Koma mtima wa azakhali unali utapita kale. Iwo amati chimene chinawakola si nkhope ya munthuyo, poti inali yongokhalapo, koma pakamwa pake. A Mmisiri anali ndi mulu wa magazini akale, ena opanda zikuto, okhala ndi zithunzi za ntchito za akatswiri ojambula ndi osema a kutsidya kwa nyanja. Akaweruka ankawayala pabedi n'kumawafotokozera azakhali ngati akunena za abale awo. Uyu anadzicheka khutu. Uyu anatha zaka akujambula kudenga kwa tchalitchi, mutu uli chagada, penti ikumudonthera kumaso. Uyu atakalamba n'kumakanika kuimirira, anayamba kudula mapepala amitundumitundu ndi sizasi.

"Ngati yanuyo," ankatero a Mmisiri.

"Nanga mayi ali pachithunzi apayu ndi ndani?" azakhali ankafunsa.

"Ameneyo sadziwika. Anangokhala kuti amujambule."

"Kukhala nthawi yonseyo chonsecho osadziwika? Nanga zovala zake anamuchapira ndani?"

Ankaseka mpaka aneba kugogoda khoma.

Mwana anachedwa kubwera, ndipo anthu anayankhula zoyankhula zawo. Atabwera anali wamkazi, wochepa thupi koma wa mawu akuthwa. Akalira mumsewu monse ankadziwa kuti wadzuka, choncho bambo anga anamutcha Kabelu, dzina lenileni n'kuiwalika.

Kabelu asanayambe kukwawa, akuluakulu a chipatala chatsopano anafuna chiboliboli choika pageti. Wina mwa iwo anali ataona mngelo amene a Mmisiri anaumba pamanda a mkazi wake, ndiye anawaitana. A Mmisiri anabwera kunyumba akuthamanga, nsapato imodzi itaduka lamba.

"Amayi a mwana, siyani kaye makinawo. Khalani apa."

Anawakhazika pa beseni lovundikira, pabwalo pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, Kabelu ali pamiyendo. Anakhala choncho masana aliwonse, nyengo yonse ya dzuwa. A Mmisiri anapinda zitsulo ndi mawaya kukhala mafupa, n'kumamata dongo pang'onopang'ono ndi chala chachikulu, kenako anapanga chikombole n'kuthiramo simenti. Azakhali msana unkawawa, mwendo unkachita dzanzi, koma akangosuntha ankamva, "Aaa, mwandionongera phewa!" Mwana ndiye sankamva za phewa. Nkhope yake a Mmisiri ankaiumba pokhapokha akayamwa n'kugona, mutu atautembenuzira kuchifuwa kwa amayi ake. Anaumba zonse mmene zinalili: khutu lakumanzere lopindika kunsonga, mlomo wam'mwamba wotulukira pang'ono, kadzenje ka patsaya. Chifukwa cha kagonedwe kameneko, munthu woima kutsogolo ankangoona nkhongo ya mwana. Wofuna kuona nkhope ankayenera kukwera kasitepe kumbuyo n'kusuzumira paphewa la mayiyo.

Azakhali atachiona chibolibolicho chitatha anangoti, "Mwandikulitsa mapazi."

"Mapaziwo ndi anu omwe, ine sindinawonjezere."

Tsiku lochotsa nsalu yophimba chibolibolicho kunabwera anthu ambiri. Amayi ankaima n'kugwira pakamwa, ena ankasisita kaphazi ka mwanayo polowa. Anyuzipepala anajambula a Mmisiri ataima pambali pake atavala jekete yobwereka kwa bambo anga, manja ake ofika kuzala. Kuyambira pamenepo ziliza anazisiya, ndipo azakhali anakhala a Simenti.

Kabelu anamwalira atangoyamba kuyenda. Anadzuka thupi likutentha, kenako anayamba kukomoka. Anathamangira naye kuchipatala, madokotala anachita zonse zimene akanatha, koma sizinathandize. Chithunzi chake panalibe ngakhale chimodzi. Ankangoti adzapita naye kwa wojambula tsitsi likamera bwino, kapena diresi imene azakhali ankamusokera ikatha. Diresiyo inali itatsala mabatani okha.

Mwana wina sanabwerenso.

A Mmisiri analeka kudutsa msewu wa kuchipatala. Ankazungulira kumsika, ngakhale kunali kutali. M'nyumba munalowa bata loipa, magazini aja anakwera pamwamba pa wodiropu n'kumadyedwa ndi mphemvu. Atalandira mwayi wokaphunzira zosema kunja sanaganize kawiri. Anabwerako ndi ndevu, chipewa chopendekeka, ndi kasemedwe kena. Simenti anaitaya, tsopano ankasema miyala yakuda yosalala, yopindikapindika, yokhala ndi zibowo pakati. Nkhope munalibemo. Ankati nkhope ndi ntchito ya ojambula ndi kamera, mmisiri weniweni amasema zimene maso saona.

Bambo anga atapita kukaona, anauzungulira mwala umodzi, n'kusuzumira pabowo.

"Alamu, pepani kwambiri. Anankafumbwe akuonongerani katundu."

A Mmisiri sanaseke. Koma anthu akunja anaikonda miyalayo, ndipo dzina lawo linakwera. Anayamba kukhalitsa mumzinda waukulu, kubwera mwa apo ndi apo, kenako osabweranso. Ukwati unatha popanda wokweza mawu. Patapita nthawi tinamva kuti akwatira mayi wina wophunzitsa kukoleji.

Tsiku lina masana azakhali akusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu, wailesi ya wokonza mawotchi inatulutsa mawu amene ankawadziwa bwino. Mtolankhani ankafunsa a Mmisiri za chiboliboli cha pachipatala. Iwo anati, "Chimene chija ndi ntchito ya ubwana. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanachigwetsa." Wokonza mawotchi anafulumira kusintha siteshoni, koma makina a azakhali anali ataima kale. Dzanja lawo linali pa gudumu la makinawo. Kenako anadula ulusi ndi mano n'kupitiriza.

Sindinawamvepo akuwanyoza amuna awowo. Nthawi ina ndili mtsikana ndinawafunsa ngati samakwiya. Anati, "Tonse tinapsa moto umodzi, mwana wa achimwene. Iwo anathawa nkhope ija, ine ndinaitsatira. Ndiwakwiyire chiyani?"

Ankaitsatiradi. Loweruka lililonse akatseka makina ankanyamula ndowa, sopo ndi burashi yochapira, n'kupita pageti paja. Alonda ankawadziwa, ankawatungira okha madzi. Ankayamba ndi mayiyo mwachangu, ngati munthu wosamba mochedwa: kuchotsa zitosi za mbalame kumutu, kumatula mapepala a misonkhano amene anthu ankamata kumsana. Akatero ankakwera kasitepe kaja n'kuyamba mwana. Pamenepo ndiye ankachedwa. Ankatsuka m'maso, m'khutu lopindika lija, pansi pa mlomo, mpaka ndere yonse itachoka. Anthu ena ankati mutu suyenda bwino.

"Sindine wamisala," ankatero. "Ndikudziwa kuti ndi simenti. Koma kwina ndikamuone kuti?"

Anachita zimenezi ine ndikukula, ndikukwatiwa, mpaka ana anga kuyamba ntchito. Bambo anga anamwalira, wokonza mawotchi anamwalira, sitolo ya zitsulo inasintha eni. Azakhali ndi ndowa yawo sanasinthe.

Ndiye chipatala chinafuna kukulitsa geti kuti maambulansi azilowa bwino. Mlonda wina ndi amene anabwera kudzatiuza kuti chiboliboli achisamutsira pakapinga ka nyumba yatsopano. Tinapita m'mawa, ine ndi azakhali, tinaima kutsidya kwa msewu. Anyamata a ntchitoyo sindingawanamizire, anasamala. Anachikulunga ndi masaka, anamanga malamba, galimoto yonyamulira zolemera inayamba kukoka pang'onopang'ono. Chitangonyamuka pansi tinamva kuti thee! Mutu wa mwana unatuluka m'saka, unagwera pa phula n'kumwazika ngati dongo louma.

Azakhali sanakuwe. Anawoloka msewu osayang'ana galimoto, anagwada, anayala mpango wawo n'kuyamba kutola. Kapitawo anavula chipewa.

"Pepani mayi. Chitsulo cha m'khosi chinali chitadyeka ndi dzimbiri, chinangotsala ngati ulusi. Ngakhale mphepo ikanadzachigwetsa."

"Ndamva, bambo. Sunthani phazi, mwaponda china."

Kunyumba tinaziyala patebulo n'kuyesa kuzilumikiza. Panali kachidutswa ka khutu, mbali ina ya nkhongo, zotsalazo zinali miyala ndi fumbi. Ndinafufuza zithunzi za chibolibolicho m'manyuzipepala akale ndi m'mabuku a ana anga. Zonse anazijambula ataima kutsogolo. Munali nkhope ya azakhali, munali a Mmisiri ndi jekete ya bambo anga, koma mwana ankaoneka nkhongo yokha.

Akuluakulu a chipatala anati ntchito ya munthu wotchuka chotero sangaipereke kwa mmisiri wamba, mwini wake yekha ndiye angaikonze, ngati angavomere. Azakhali anati, "Ndipita ndekha." Ndinakana kuti apite okha, tinakwera basi limodzi.

Nyumba ya a Mmisiri inali ya mpanda wautali, pabwalo pali miyala yawo yazibowo ija, ina yotalika kuposa munthu. Akazi awo anatilandira bwino, kuposa mmene ndinkayembekezera. Anawagwira azakhali manja onse awiri n'kuwatchula kuti akulu anga. Kenako anatitsogolera kuchipinda chogwirira ntchito, chachikulu ngati kalasi, matchizulo ndi nyundo zili ndandanda pakhoma, zonse zitachita fumbi. A Mmisiri anali pa chikuku pafupi ndi windo. Matenda opha ziwalo anali atawagwira mbali ya kumanja, dzanja lili lende pamwendo, pakamwa patapotoka pang'ono. Ndevu zinali mbuu.

Anayang'anizana nthawi yaitali.

"Mwakalamba, amayi a mwana," anatero a Mmisiri, mawu akukoka.

"Inu ndiye mwatsala mnyamata?"

Anayesa kuseka, malovu n'kutsika, akazi awo n'kuwapukuta. Azakhali anamasula mpango uja n'kuuika pamiyendo pawo. A Mmisiri anatola kachidutswa ka khutu ndi dzanja lamanzere, anakatembenuza, anakatembenuzanso.

"Ndinamva kuti munkafuna kuchigwetsa," anatero azakhali. "Chagwa chokha. Tsopano ndibwezereni mwana wanga."

"Dzanja ndi ili mukulionali."

"Linalo lilipo."

A Mmisiri anaitanitsa dongo. Akazi awo anatikonzera chipinda cha alendo, ndipo tinakhala kumeneko masiku angapo. M'mawa uliwonse azakhali ankakoka mpando n'kukhala pambali pa chikuku, dongo lili pa thabwa pakati pawo. Dzanja lamanzere la a Mmisiri linkamvera ndithu. Mutu unaumbika, nkhongo inabwera bwinobwino, khutu analitengera pa kachidutswa kaja. Atafika kumaso anaima.

"Mphuno inali yotani?"

"Yaing'ono."

"Ana onse mphuno zawo n'zazing'ono. Yaing'ono motani? Yotukuka kapena yophwatalala?"

Azakhali anangoyang'ana dongolo, a Mmisiri n'kufunsanso.

"Nanga kadzenje kaja kanali tsaya liti?"

"Lakumanja. Ayi, dikirani." Anatseka maso, dzanja lawo likuyenda m'malere ngati lagwira burashi. "Pamene ndinkatsuka panalibe kadzenje."

"Ndinakaika ine. Ndi msomali wa chala ichi."

"Panali posalala."

Ine ndinali nditakhala pakhomo, ndipo ndinazindikira nthawi imodzi ndi iwo. Mvula ya zaka zonsezo, ndi burashi ya Loweruka lililonse, zinali zitadya simenti pang'onopang'ono. Kadzenje kanafufutika, mlomo unaphwa, zikope zinasalala, ndipo poti ankaiona sabata ndi sabata sanaone kuti ikutha. Nkhope imene azakhali anali nayo m'mutu inali yotuwa, yosalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Ya mwana wamoyo, wa khungu lofunda, inali itachoka kalekale osatsanzika.

"Ndimayesa inu mukuikumbukira," anatero azakhali. "Si inu munaiumba?"

"Ine ndinaiwala dala. Ndinagwira ntchito yaikulu kuti ndiiwale, kuposa miyala yonse ili panjayi. Ndinkati poti inu mulipo, yasungika."

Ndinali ndisanawaonepo azakhali akulira, ngakhale pamaliro a bambo anga anangouma maso. Tsiku limenelo analira ngati maliro achitika m'mawa womwewo, atagwira chitsulo cha chikuku, mutu uli pansi. A Mmisiri ankawasisita paphewa ndi dzanja lodzaza dongo, n'kuwadetsa bulauzi. Akazi awo anabwera ndi tiyi, anaona, anabwerera naye.

Mutuwo a Mmisiri anaumalizabe. Anati sangasiye mwana wopanda nkhope. Unatuluka wokongola, masaya odzaza, kakamwa kotseguka pang'ono. M'nyumbamo munali kamdzukulu kawo kamene kankakwawa m'khonde masiku onsewo, ndipo nditauyang'anitsitsa mutu wadongowo ndinaona kuti ndi kameneko. Sindikhulupirira kuti anachita dala. Dzanja linangotenga mwana amene maso ankamuona. Azakhali anangoti, "Mwagwira ntchito, zikomo," n'kumanga mpango wawo.

M'basi pobwerera, titatsala pang'ono kufika, azakhali anati, "Ndikanamusiya ndi ndere zake, bwenzi alipo."

"Mvula ikanamudyabe, azakhali."

"Mvula si mayi wake."

A Mmisiri anamwalira chaka chomwecho. Ophunzira awo anathira mutu uja simenti n'kukaulumikiza, chiboliboli n'kuchiimika pakapinga, pomwe pali mipando ndi maluwa. Panachitika mwambo waukulu. Olankhula anati chimenechi ndi chuma chosowa, chifukwa ntchito yoyamba ndi yomaliza ya katswiri zakumana pa thupi limodzi, ndipo anati pamapeto pa moyo wake anabwerera ku nkhope ya munthu. Anakhoma chitsulo cholembedwa dzina lawo. Masiku ano ana a kukoleji amakhala pakapingapo ndi mapensulo, kumajambula.

Azakhali anakana kupita kumwamboko. Patapita miyezi anandiuza kuti ndiwaperekeze. Sanatenge ndowa. Kasitepe kaja kanalibenso, ndiye ndinawagwira mkono iwo n'kunyanyamphira kusuzumira paphewa. Anayang'ana kanthawi.

"Mwana wokongola," anatero. "Kaya amayi ake ndani."

Mtsikana wina wojambula anatipempha mwaulemu kuti tisunthe pang'ono, tikumutchinga. Tinasuntha, n'kubwerera kunyumba. Sanapitekonso.

Chaka chathachi miyendo inayamba kutupa, ndiye ndinawatenga kuti tizikhala limodzi. Amagona kuchipinda chimene chinali cha mwana wanga wamkazi. Sadandaula, amadya pang'ono, amathandiza kusenda ndi kusankha zophika atakhala pakhonde. Masiku ena amakhala bwino, amaseka ndi adzukulu anga, amawakalipira akang'amba malaya. Masiku ena amangokhala, mkono wamanzere ataupinda pamimba. Anandiuza kuti chimene chatsala ndi kulemera kokha, kuti mkonowo ukudziwabe mmene mwanayo ankalemerera akagona, koma ukafuna kuyang'ana palibe chooneka.

Dzulo ndikuchapa anandiitana.

"Iwe, bambo ako sanakuuzepo kuti ankafanana ndi ndani?"

Funso limeneli andifunsapo kambirimbiri. Nthawi zina ndimaganiza zongowanamiza, kunena kuti ankafanana ndi inu, kapena ndi agogo, kuti mtima ukhale pansi. Koma azakhali si munthu womunamiza, amakuyang'ana m'maso mpaka bodza lithawe lokha. Ndipo onse amene anamunyamulapo mwanayo anapita, atsala okha.

"Sanandiuzepo, azakhali. Ankangoti ankalira kwambiri."

"Eee, kulira ndiye ankalira," anatero. Kenako anandiuza kuti ndichotse zovala pachingwe, kukubwera mvula.